Alendo achikulire akufuna kuyenda m'mitengo, ndiwatengere kuti?

Wolondolera alendo, Blantyre: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Loweruka ndili ndi alendo 14, ambiri ndi agogo. Zokwera phiri akana, akufuna msewu wamthunzi ndi kanjira ka m'mitengo koti aziyenda pang'onopang'ono. Tsiku ndi limodzi, galimoto ndi kosita. Zomba kapena Mulanje?

Dalaivala, Limbe: Zomba achimwene. Mukangofika pamwamba, damu la Mulunguzi ndi Williams Falls zili pafupi, paini ponseponse.

Mayi a ku ofesi, Ginnery Corner: Zomba ndimaikonda, koma ndi mvula inoyi ayi. Tara amathera cha ku Ku Chawe. Msewu wopita ku Emperor's View, paja anaima Haile Selassie mu 1965, ndi wadothi, kosita ikatitimira. Komanso mbali zina paini anakolola, kwatsala zitsa. Munthu wamulonjeza mthunzi ndiye ukamuonetse zimenezo?

Dalaivala, Limbe: Apo mwanena zoona mayi.

Mayi a ku ofesi, Ginnery Corner: Dzerani msewu wa Thyolo. Mukadutsa Bvumbwe minda ya tiyi imayamba, ndipo nyengo ino ndi yothyola, mupeza anthu ali ndi madengu kumsana. Misewu ya m'esiteti ili ndi mizere ya bulugamu, amene amadzalira nkhuni zoumitsira tiyi ku fakitale. Agogo angayende pamenepo osapuma wefuwefu. Esiteti ya Satemwa, imene inayamba mu 1923, imalandira alendo, koma imbani foni lero, si malo ongolowa. Ndipo alendo anu asajambule othyola tiyi asanapemphe. Anthu aja ali pa ntchito.

Wolondolera alendo, Blantyre: Nanga masana ndikawafikitse pa Dziwe la Nkhalamba, ku Likhubula pa phiri la Mulanje?

Wolondolera alendo, Likhubula: Bwerani, koma mundimvere bwino akulu. Kuchoka pa ofesi ya zankhalango kukafika padziwe ndi chitunda cha pafupifupi ola, ndipo miyala yake ikanyowa imaterera koopsa. Mvula ikagwa kumtunda mtsinje umadzaza mwadzidzidzi, kuno kunsi dzuwa likuwala. Muwagawe pawiri. Amphamvu ndikwera nawo ineyo, ndipo ndikanena kuti tibwerere pasakhale wotsutsa. Enawo atsale m'munsi ndi mnzanga, mitengo ilipo yambiri, phiri aliona bwinobwino. Muwauziretunso kuti mkungudza umamera pamwamba, m'munsi muno sauona, asadzakhumudwe. Nsapato zikhale zogwira pansi, osati masilipasi.

Dalaivala, Limbe: Pobwerera musadzerenso Thyolo, madzulo kumachita nkhungu ndipo makona ndi ambiri. Tengani wa Midima, ndi wachidule. Muchoke pa Chitakale isanakwane 4 koloko.

Wolondolera alendo, Blantyre: Zikomo kwambiri nonse. Tinyamuka 6:30, Thyolo m'mawa, Likhubula ikamakwana 1 koloko. Achimwene a ku Likhubula, ndikuimbirani Lachisanu madzulo mundiuze mmene mtsinje ulili. Ukakhala wodzaza, za padziwe tizisiya.