Chizungulire cha mayi awa sichikutha, Stemetil ndatopa nayo

MA (medical assistant) wa kumudzi: Akuluakulu thandizeni. Mayi a zaka 58 abwera kachitatu. Akangotembenukira kumanja pamphasa denga limazungulira, nseru, pasanathe mphindi zaleka. mRDT (kuyeza malungo) negative, BP 130/80, Hb (kuchuluka kwa magazi) ili bwino. Otoscope, kachipangizo kounikira m'khutu, mabatire anatha kalekale, ndaunika ndi tochi ya foni, mafinya mulibe. Stemetil, mankhwala a chizungulire ndi nseru, ndapereka kawiri. Nditani?

Mdala wa OPD: Ndi phula limenelo. Tsukani khutu basi.

Sista wa ku wadi: Kumva akumva? Makutu sakulira?

MA wa kumudzi: Akumva bwinobwino, Sista.

CO (clinical officer) wa ENT (makutu, mphuno ndi kukhosi): Ndiye cochlea, kachiwalo komvera ka mkati mwa khutu, musaivutitse. Ikuoneka BPPV, chizungulire chobwera mutu ukasuntha. Timiyala ta calcium tachoka mu utricle, kathumba ka mkati mwa khutu, n'kugwera mu posterior canal, kapaipi ka madzi ka pambali pake, mutu ukasuntha timakankha madzi a mmenemo, ubongo n'kumayesa munthu akuzungulira. Pangani Dix-Hallpike: mutu 45 degrees kumanja, agonekeni chagada msanga mutu ulendewere pang'ono, muyang'ane maso. Nystagmus, kugwedezeka kwa maso, imachedwa timasekondi tingapo. Ikabwera, pangani Epley pomwepo, kutembenuza mutu mwandondomeko kuti timiyala tibwerere mu utricle. Beseni likhale pafupi.

Mdala wa OPD: Zaka 26 ndili pa OPD, timiyala sindinationepo. Phula ndiye ndalitulutsa lambiri.

Sista wa ku wadi: Bambo, eardrum, nembanemba ya m'khutu, a MA sanaione n'komwe, atsuka bwanji? Nanga ili yoboola? Ine ndili mwana wa sukulu ndinatsuka munthu ndi madzi a pampopi mu June. Anagwira bedi n'kundisanzira pa yunifolomu. Madzi akapanda kufunda ngati thupi, madigiri 37, chizungulire mumachiputa nokha.

CO wa ENT: Onaninso mu health passport ngati sanabayidwe gentamicin, jekeseni ya antibiotic. Tinali ndi bambo wina amene anabayidwa imeneyi, kumva ankamva, koma kukada ankayenda ngati waledzera kachasu. Akunyumba anafika mpaka kwa asing'anga. Kuyenda bwino kuja sikunabwerere. Komanso mayiwo akamalephera kuima okha, lilime kulemera, kuona ziwiriziwiri, kapena chizungulire chosaleka ngakhale atagona phee, siyani zonse, ameneyo ndi wa referral, stroke imabisala mmenemo. Khosi ngati lili ndi vuto musalipinde. Stemetil ya masabata nayonso ayi.

Mdala wa OPD: Nthawi ya quinine, mankhwala a malungo aja, aliyense makutu ankalira, palibe ankatchula utricle. Tsukani muone.

Sista wa ku wadi: Inu a MA, otoscope yanu imadya mabatire ati? Yathu bulb inapsa chaka chatha, requisition talemba katatu.