Kodi Chester Nimitz anakwera bwanji atazengedwa mlandu?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndamva kuti Chester Nimitz, amene anali mtsogoleri wa asilikali apamadzi a America ku Pacific pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, anazengedwapo mlandu ali mnyamata. Nanga zinatheka bwanji kuti afike pamwamba?

Woyankha woyamba: Ndi zoona, bambo. Mu 1908 sitima yomwe ankaitsogolera, USS Decatur, inatitimira m'matope ku Philippines, koma khoti la asilikali linangomudzudzula osamuchotsa ntchito, ndipo pambuyo pake anadzakhala katswiri wa sitima zoyenda pansi pa madzi.

Woyankha wachiwiri: Chimene chimandigwira mtima n'chakuti analandira udindo wotsogolera asilikali apamadzi ku Pacific pa 31 Disembala 1941, sitima zina zikadali zomira ku Pearl Harbor, doko la ku Hawaii limene Japan inaphulitsa, komabe mu Juni 1942 anakhulupirira akatswiri omasulira mauthenga achinsinsi a Japan, ndipo pankhondo ya pafupi ndi zilumba za Midway sitima zinayi zonyamula ndege za adani zinamizidwa.

Woyankha wachitatu: Ndiyenso anasainira dziko la America pa sitima yankhondo ya USS Missouri pamene Japan inagonja pa 2 Seputembala 1945.