Zithunzi za m'kati mwa laibulale yathu ya ku Chinamwali

Mlembi: Abale ndi alongo, zithunzi zosonyeza m'kati mwa laibulale imene tikufuna kumanga zafika, ndipo komiti ikupempha maganizo anu tisanazitumize kwa anzathu okhala kunja amene tikuwapempha thandizo. Wazijambula pa kompyuta ndi mwana wathu wophunzira za zomangamanga, potsata pulani imene tinavomereza.

Msungichuma: A Mlembi, ndaziona, koma chipinda chowerengeramo chikuoneka chamdima, ndipo makoma ali ndi timadontho ngati awazidwa mchenga. Palibe amene angapise m'thumba ataona chithunzi chotere. Ndikupempha kuti mwana wathuyu awonjezere kuwala mpaka chipindacho chikongole.

Wojambula: Zikomo amayi, koma mwatchula zinthu ziwiri zosiyana. Timadonthoto ndi vuto la kompyuta. Ndimagwiritsa ntchito Blender, pulogalamu yaulere, ndipo mbali yake yotchedwa Cycles imapanga chithunzi polondola njira zimene kuwala kumadutsa. M'chipinda cha mazenera aang'ono, njira zambiri sizifika pamene kuwala kwachokera, n'chifukwa chake makoma amatuluka mawangamawanga. Izi ndikonza pochulukitsa ma sample (chiwerengero cha njira za kuwala zimene kompyuta imalondola), poika ma portal pa mazenera kuti kompyuta idziwe polowera kuwala kwa kumwamba, ndiponso poyatsa OpenImageDenoise, chida cha Intel chosalaza zithunzi. Mdimawo ndiye si wa kompyuta. Dzuwa ndinaliika monga limayendera kuno ku Zomba, pafupifupi madigiri 15 kumwera kwa equator, kumene mwezi wa June masana limapendekera kumpoto n'kukwera madigiri pafupifupi 51 okha. Pa pulani yathu, khoma la kumpoto lili ndi timazenera tiwiri tobisika pansi pa khonde lalitali, m'kati mwasiyidwa njerwa zosapaka, ndipo siling'i mulibe. Khoma lopakidwa laimu kapena penti yoyera limabweza magawo pafupifupi 80 pa 100 a kuwala, pamene njerwa zootcha sizifika ngakhale theka la pamenepo.

Membala wa ku Johannesburg: Achimwene, mwafotokoza bwino, komabe ine ndili kumbali ya amayi Msungichuma. Kuno makampani ogulitsa nyumba onse amawalitsa zithunzi zawo, ndipo anthu anazolowera zimenezo. Titumize chokongola kuti ndalama zibwere, za mazenera tidzakambirana pomanga.

Mphunzitsi wopuma: Pepani bambo, pamenepo ndakana. Ogulitsa nyumba akagulitsa amachoka, pamene ife tidzakhala tikukumana ndi opereka ndalamawo ku maliro ndi ku maukwati. Chachikulu n'chakuti ana adzabwera kudzawerenga akaweruka kusukulu, nthawi imene dzuwa layamba kale kupendekera kuseri kwa phiri la Zomba, ndipo tonse tikudziwa kuti kwathu kuno kumada msanga chifukwa cha phirilo. Magetsi akazima, chimene tikuona pa chithunzichi ndi chimene mwana adzaone pa tebulo. Chithunzichi chatichenjeza tisanagule ngakhale thumba limodzi la simenti, ndipo kusintha pulani lero n'kotchipa kuposa kudzagumula khoma. Bwanji osaika malata oonekera angapo padenga?

Wojambula: Aphunzitsi, malata oonekera amawalitsadi, koma mwezi wa October amalowetsa kutentha kwambiri, ndipo dzuwa likagwa molunjika pa pepala loyera limathobwa m'maso. Ine ndikanakonda tikulitse mazenera a kumpoto, tiwonjezere ena aang'ono m'mwamba pafupi ndi denga kuti kuwala kufike pakati pa chipinda, tipake makoma laimu, ndiponso tiike siling'i yoyera. Ndionjezere kuti chithunzi cha Blender chikhoza kunamiza, chifukwa ndikhoza kuchiwalitsa ndi batani limodzi popanda kusintha chilichonse pa nyumbayo. Choncho ndiyezanso ndi DIALux, pulogalamu ina yaulere yowerengera kuwala, kuti tione ngati matebulo akuyandikira ma lux 500 (lux ndi muyezo wa kuchuluka kwa kuwala kogwa pa malo) amene muyezo wa ku Ulaya wa EN 12464-1 umafuna pa malo owerengera. Pa chithunzi cha usiku ndiika mababu a kuwala koyera a 4000K (nambalayi imasonyeza mtundu wa kuwala kwa babu), chifukwa a 2700K ndi achikasu, amayenera pabalaza.

Msungichuma: Ndamva, mwana wanga, ndipo sindikutsutsa. Koma dziwani kuti siling'i munalibe mu bajeti yathu, ndipo zenera lililonse lowonjezera likufuna felemu, magalasi ndi zitsulo zotchingira akuba. Laimu yekha ndiye sakundiopsa.

Wapampando: Zikomo nonse. Tisatumize chithunzi chilichonse sabata ino. Mwana wathu ajambule ziwiri, china cha pulani yakale ndi china cha mazenera okulitsidwa, zonse za mwezi wa June nthawi ya 3 koloko masana, mababu ali ozima, ndipo batani lowalitsira lija likhale pa mlingo umodzi pa zonse ziwiri. Amayi Msungichuma, chonde mufunse mitengo ya mafelemu ndi siling'i m'masitolo a m'tauni, kuti Loweruka tidzakambirane tili ndi zithunzi ndi mitengo pamodzi.

Membala wa ku Johannesburg: Chabwino a Wapampando, koma mtengo wa siling'i ulembedwe paokha, chifukwa alipo ena kuno amene angavomere kulipira gawo limenelo lokha akaona kusiyana kwa zithunzi ziwirizo.