BP ili bwinobwino koma mkodzo sukubwera: ofufuza pa nyama apeza chiyani?

Namwino wa ku Matero:
Akuluakulu, ndithandizeni. Lachitatu usiku ndinali ndi bambo ena odwala mtima. BP 120/80, koma miyendo itatupa moti ukadina ndi chala pamatsala kadzenje, mitsempha ya m'khosi itaima ngati zingwe, m'thumba la mkodzo muli timadontho chabe. Ine ndinkafuna kuwonjezera dripu, adokotala anakana. Impso zimauma bwanji thupi lili lodzaza madzi? Ndamva kuti zimenezi amaziyesa pa nyama mu labu. Amatani kwenikweni?

Wophunzira za ziweto ku yunivesite ya Zambia (UNZA):
Asisi, amagoneka nkhumba ndi mankhwala, n'kulowetsa kabaluni mu vena cava, mtsempha waukulu wobwezera magazi ku mtima. Akamakapopa pang'onopang'ono, magazi amaunjikana kumbuyo. Ndiye amaika kakamera pansi pa lilime kapena pamatumbo n'kumaonera timitsempha ting'onoting'ono, topyapyala kuposa tsitsi, momwe maselo ofiira amadutsa pamzere limodzilimodzi. Ukakweza presha ya kotulukira, mzere uja umayamba kukwawa, kwina n'kuimiratu, chonsecho BP ya pamkono isanasinthe.

Kumbukirani komboni ya Kanyama ku Lusaka nthawi ya dzinja. Madzi obwera alipo ambiri, koma ngalande zikatsekeka amangodikha m'makomo. Impso ndiye imavutika kwambiri chifukwa inakutidwa ndi kachikopa kosatanuka. Ikatupa imadzifinya yokha. Sizatsopano ayi: mu 1931 wasayansi wina dzina lake Winton anaonetsa pa impso za agalu kuti presha ya mtsempha wotulutsa magazi ikakwera, mkodzo umachepa.

Clinical officer, Chilenje:
Adokotala anuwo anaganiza bwino, amayi. Ndipo musangoyang'ana nkhumba, umboni uli pakhomo pompano. Kafukufuku wa ku UTH, chipatala chachikulu cha ku Lusaka, amene anatuluka mu 2017 anapeza kuti mwa odwala sepsis (matenda oopsa obwera tizilombo tikasokoneza thupi lonse) amene anapatsidwa madripu ambiri mofulumira, 48 pa 100 anamwalira m'chipatala, pomwe mwa osamalidwa mwanthawi zonse anali 33 pa 100. Ambiri anali ndi HIV. Nkhani imeneyi imandikhudza mpaka lero. Nkhumba ya mu labu imayamba ili yathanzi, odwala athu amafika atafooka kale, ndiye ine ndisanatsegule dripu ndimayamba ndayang'ana khosi ndi kumvetsera m'chifuwa.

Namwino wa ku Matero:
Zikomo nonse, za Kanyamazo zandilowa. Bambo aja anapatsidwa Lasix, mankhwala okodzetsa, pofika 6 koloko m'mawa thumba linali litafika theka, iwo atakhala tsonga akupempha phala.