Sisitemu yosiyidwa ndi munthu wina, ndilembe yatsopano kapena ndikonze yomweyi?

Luwinga_dev:
Moni nonse. Pali nkhani yandisowetsa tulo sabata ino nde ndati ndifunse inu amene mwakhala pa ntchitoyi nthawi yaitali. Ndinamaliza ICT pa Mzuni chaka chatha, mwezi wathawu ndapeza ganyu pa sukulu ina ya pulayiveti konkuno ku Mzuzu, ali ndi sisitemu yosunga mayina a ana, fizi ndi zotsatira za mayeso yomwe anawalembera mnyamata wina kalekale, iyeyo anasamukira ku Lilongwe ndipo foni sakuyankhanso. Inalembedwa mu chilankhulo cha PHP popanda framework (chimango chokonzedwa kale chomangirapo code) iliyonse, file imodzi ili ndi mizere yoposa 3,000, HTML (maonekedwe a tsamba), SQL (malamulo olankhulira ndi database) ndi masamu a fizi zonse mphika umodzi, ma variable ake ndi $a, $a2, $x basi. Git (pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha mu code) kulibe, README (file yofotokoza sisitemu) kulibe, mu folder muli index_old.php, index_new.php ndi index_final2.php moti sindikudziwa yomwe anthu akugwiritsa ntchito. Ahedi akungofuna ndiwonjezere polembapo fizi yobwera pa Airtel Money ndi Mpamba poti makolo ambiri anasiya kubwera ndi cash. Koma mtima wanga ukuti ndingoyamba yatsopano pa Laravel (framework ya PHP), miyezi iwiri ndamaliza. Inuyo mukanatani?

Mkulu_wa_Katoto:
Amwene, mtima umenewo ndimaudziwa, tonse tinadutsamo, koma musafufute kanthu. Code yonyansayo ili ndi malamulo a sukuluyo omwe palibe anawalemba papepala. Mwina mwana wa mphunzitsi amalipira theka, mwina ana atatu a banja limodzi amachotseredwa, mwina ngongole ya teremu yatha imalowa mu teremu ino mwanjira inayake, zonsezo zabisala mu ma if omwe mukuwaona ngati zinyalalawo. Ine ndinalembapo mwatsopano sisitemu ya shopu ina ya hardware, yokongola bwino, tsiku loyamba kuigwiritsa ntchito zinapezeka kuti yakaleyo inkawerengera mitengo ina kwa opikula ndipo ine sindinadziwe, mwini shopu anagulitsa simenti motchipa tsiku lonse ndipo mpaka lero zimandipweteka chifukwa inali ndalama ya munthu. Olo makampani akuluakulu zinawachitikira, Netscape inaganiza zoyambiranso browser yake mu 1998, Netscape 6 inadzatuluka chakumapeto kwa 2000, nthawi imeneyo anthu ambiri anali atapita kale ku Internet Explorer.

Lero lomwe pangani izi musanakhudze mzere ndi umodzi omwe. Tengani backup ya database ndi mysqldump, muisunge malo awiri, osati pa laputopu panu pokha. Kenako yambitsani Git mu folder yonseyo ndi git init, mupange commit (kusunga code mu mbiri ya Git) mmene ziliri ndi ma index_old omwewo. Git sifuna intaneti kuti mupange commit, Linus Torvalds anaipanga mu 2005 kuti aliyense azikhala ndi mbiri yonse ya code pa kompyuta pake, nde olo bandulo yatha kapena netiweki yavuta ngati mmene imachitira mvula ikamagwa kunoko ntchito imayendabe, mudzapanga push (kutumiza ma commit pa intaneti) mukapeza mpata. Za file yomwe ikugwira ntchito yang'anani mu access log (kaundula wa zomwe zatsegulidwa) ya Apache, pulogalamu ya server yomwe sisitemuyo imayenderapo, ikuuzani yomwe anthu akutsegula tsiku ndi tsiku. Ndipo muziyesera pa copy ya pa XAMPP (phukusi loyendetsera PHP, Apache ndi database pa kompyuta yanu), osati pa kompyuta ya abasa.

NyaChibavi:
Achimwene a ku Katoto anena zoona, ine ndiwonjezere mbali yomwe kusukulu sanatiphunzitse. Mwagwirizana chiyani ndi ahedi, ndipo mwalemberana? Chifukwa mukangokhudza sisitemuyo kamodzi basi yasanduka yanu, printer ikakana ndinu, mwana akasowa pa list ndinu, adzakuimbirani Lamulungu muli mu tchalitchi. Ine ndinakhala chaka chathunthu ndikuyankha ma WhatsApp a 10 koloko usiku kwaulere chifukwa ndinkachita manyazi kutchula ndalama kwa munthu wamkulu, mapeto ake ndinayamba kudana ndi ntchito yomwe ndimaikonda. Panopa ndimalemba tsamba limodzi lokha, ntchito ndi iyi, mtengo ndi uwu, kusamalira sisitemu ndi ndalama ina pa teremu, ndimayankha foni Lolemba mpaka Lachisanu nthawi ya ntchito. Makasitomala anzeru sakwiya nazo, amakulemekezani kumene.

Ngati mudzaiike pa hosting yolipira madola musalonjeze mtengo wa chaka chonse mu kwacha. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44% tsiku limodzi, ine ndinali nditalandira kale ndalama ya chaka kwa makasitomala awiri ndipo yotsalayo ndinaonjezera ya mthumba mwanga.

China, muli mayina a ana, manambala a makolo ndi ngongole zawo mmenemo. Onani ngati SQL yake ikungolumikiza zomwe munthu walemba mu form molunjika, ngati ndi choncho sinthani kukhala prepared statements a PDO (njira ya PHP yoletsa zolemba za munthu kusanduka lamulo la SQL), ndipo ma password ngati ali pa md5 (njira yakale yofooka yowabisira) kapena ali poyera asamutsireni ku password_hash, njira yolimba ya PHP. Tili ndi Data Protection Act ya 2024 tsopano, koma olo pakanapanda lamulo, ndi ana a anthu amenewo.

Zolozolo_Ras:
Ine ndisiyane nawo pang'ono akuluakuluwa. Kusafufuta ndikuvomera koma musakhalenso kapolo wa code yakufa mpaka kalekale aise. Yang'anani kaye version ya PHP. Ngati ili 5.6, imeneyo anasiya kuikonza kumapeto kwa 2018, ndipo ngati akugwiritsa ntchito mysql_query polankhula ndi database dziwani kuti ma function amenewo anachotsedwa mu PHP 7, tsiku lomwe kompyutayo idzafe nkuika XAMPP yatsopano sisitemu yonse siidzadzuka, ndipo zoterezi zimachitika sabata yotsegulira sukulu makolo ali pa mzere. Nde njira yake ndi kudya pang'onopang'ono, gawo latsopano la mobile money lilembeni bwino pambali koma lizilumikizana ndi database yomweyo, teremu ya mawa musamutse gawo la fizi, kenako la mayeso, yakaleyo izichepa yokha. Ndipo musanasamutse masamu a fizi tengani ana 20 osiyanasiyana, lembani balansi yomwe yakaleyo ikupereka, code yanu yatsopano izipereka manambala omwewo, ndiyo test yanu yoyamba imeneyo. Komanso khalani tsiku limodzi lathunthu pambali pa abasa mungoona mmene amagwirira ntchito, amene aja amadziwa sisitemuyo kuposa amene anailemba.

Luwinga_dev:
Yewo chomene nonse. Backup ndatenga, ili pa flash ndi pa Google Drive, commit yoyamba ndapanga. Log ikuonetsa kuti yomwe ikugwira ntchito ndi index_new.php, final2 ija palibe amaitsegula nkomwe. PHP yake ndi 5.6 ndithu ndipo mysql_query ili paliponse, a Ras munalota. Mmawa uno ndinakhala ndi abasa, andiuza kuti ana amasiye omwe amalipiridwa ndi mpingo fizi yawo imabwera pamodzi kamodzi pa teremu ndipo sisitemu siiwaika pa list ya angongole, ndapita kukayang'ana ndapeza ndi if uja wa $x == 7 amene ndimafuna kuchotsa dzulo, akanathamangitsidwa mkalasi ana 14 chifukwa cha ine. Achemwali a ku Chibavi, pepala lija sitinalemberane, ndikukaonana ndi ahedi Lachinayi. Ndalama yosamalira sisitemu pa teremu mumaiwerengera potengera maola kapena kuchuluka kwa ana?