Bream zikuyasama m'mamawa chithirireni probiotic

Wa ku Ruwa: Akuluakulu, ndithandizeni. Lachitatu ndinathira probiotic ya Bacillus (mabakiteriya abwino othandiza kuyeretsa madzi) m'thanki yanga ya bream (nsomba za tilapia) kuno ku Ruwa, pafupi ndi Harare, pamodzi ndi molasesi monga anandiuzira wogulitsa. Lero cha m'ma 5 koloko ndapeza nsomba zonse zili pamwamba, kukamwa yasa. Zisanu ndi ziwiri zafa. Madzi asanduka ofiirira ngati tiyi wamkaka. Kodi andigulitsa zabodza?

Mayi a ku Norton: Pepani achimwene. Magetsi analipo usiku?

Wa ku Ruwa: Anazima cha m'ma 10, abwera dzuwa litatuluka.

Mayi a ku Norton: Basitu, vuto ndi limenelo, mankhwalawo musawanamizire. Molasesi ndi chakudya cha mabakiteriya. Mukathira, amaswana mofulumira n'kumadya amoniya, poizoni amene nsomba zimatulutsa m'madzi, zomwe ndi zabwino. Koma nawonso amapuma. Usiku ndere sizitulutsa okosijeni, pampu ya mpweya yazima, ndiye nsomba zikulimbirana mpweya ndi tizilombo timene mwaweta nokha. Ine zinandichitikira chaka chatha, ndinalira ngati pamaliro. Panopa pampu yanga ili pa batire ya sola.

Amalume a ku Mufakose: Lero musadyetse, ndipo molasesi muyambe mwasiya. Chotsani madzi ena, mwina limodzi mwa magawo atatu, mulowetse a pamjigo. A kumpopi ali ndi klorini, amapha mabakiteriya omwe mwagulawo, ayambe agona masiku awiri pamtetete.

Wa ku Ruwa: Amalume, sabata yatha ndinawonjezera a kumpopi. Ndinapatsanso nsomba oxytetracycline, mankhwala opha mabakiteriya, chifukwa zina zinali ndi zilonda.

Amalume a ku Mufakose: Aaa mphwanga, uku mukufesa uku mukuotcha! Oxytetracycline sasankha bakiteriya wabwino kapena woipa. Malizani kaye mankhwalawo, probiotic abwere pambuyo. Komanso ino ndi June. Madzi akatsika pansi pa madigiri 20 bream imadya pang'ono, chakudya chotsala chimangowola pansi. Si ku Kariba kotentha kuja kuno, Harare imazizira. Vindikirani thanki ndi pulasitiki ya greenhouse.

Mayi a ku Norton: Mukadzayambiranso, sakanizani probiotic ndi timadzi, muwaze pa mapeleti a chakudya cha nsomba, muumitse pamthunzi osati padzuwa. Mongokwanira tsiku limenelo.

Wa ku Ruwa: Zikomo kwambiri. Ndasintha madzi, jenereta ya aneba ikulira, nsomba zatsika pansi. Batire ndikayang'ana mawa m'tauni.