London kupita New York, windo ya kumanja kapena kumanzere?

Kadziwotche:
Abale ndithandizeni maganizo. Mwezi wamawa ndikukwera ndege ya m'mawa yochoka London kupita New York, pobwera ndi ya usiku. Pa booking andionetsa mapu a mipando ine ndangoti kakasi, mpando A (windo ya kumanzere) kapena K (ya kumanja)? Ndimafuna ndizisuzumira pansi, ena akuti amaona Greenland. Kapena ndi madzi okhaokha ulendo wonse ndingotaya ndalama yosankhira mpando?

Wapaulendo:
Popita tengani kumanja achimwene, pa ndege zambiri zikuluzikulu ndi K ameneyo. Nkhani yake ndi dzuwa. Mukalowera kumadzulo masana dzuwa limakhala chakummwera, ndiye amene ali kumanzere limamuthobwa m'maso, ndipo poti ndege ikuthamangira komwe dzuwalo likupita silichoka msanga, maola 7 kapena 8 lili pompo mpaka munthu amangotseka windo yomwe analipira ija. Kumanja mwayang'ana kumpoto, kuwala kukuchokera kumbuyo kwanu, zithunzi zimatuluka bwino.

Koma za Greenland musaikepo mtima kwambiri. Njira za pa North Atlantic amazikonza tsiku ndi tsiku kutengera mphepo ija amati jet stream, tsiku lina mudutsa chakumpoto lina chakummwera. Za ku New York nthawi zambiri zimadutsa kummwera kwa Greenland, mtunda woyamba kuuona ndi Newfoundland kapena Labrador ku Canada, miyala ndi tinyanja tosawerengeka. Amene amadyerera Greenland ndi opita ku Seattle kapena San Francisco. Lembani nambala ya flight yanu pa Flightradar24, website yoonetsa momwe ndege zikudutsa, muone momwe yayendera masiku apitawa.

Mai_a_awiri:
Kuwonjezera apo, samalani ndi phiko!! Mipando ya pakati pa ndege mumangoona chitsulo basi. Pitani kumbuyo ndithu, kungoti kuseri kwa injini mpweya wotentha umapangitsa chithunzi kuoneka ngati chikunjenjemera. Komanso pali mizere ina yolembedwa window koma mukafika mupeza khoma. Onani mapu a mtundu wa ndegeyo musanadine.

Ikakhala Boeing 787 mawindo ake ndi akulu koma alibe chotsekera chokoka, ndi batani lodetsa galasi, ndiye ogwira ntchito mundege atha kudetsa onse nthawi imodzi kuti anthu agone. Zimabowa heavy kunja kuli masana.

Chidule:
Ine ndiye ayi. Mitambo yokhayokha kumeneko, muli makilomita 11 m'mwamba muona chani? Kenako mukafuna kutoileti mudzutse anthu awiri ogona, pepani pepani. Aisle basi, mpando wa m'mbali mwa kanjira.

Wapaulendo:
Hahaha a Chidule simukunama za mitambo, pakati pa nyanja nthawi zambiri ndi zoyera zokhazokha. Koma mitambo ikang'ambika pagombe la Canada nyengo yozizira mumaona madzi oundana atasweka zidutswazidutswa mpaka komwe maso athera, mphindi 20 zimenezo zimandikwanira ine.

Pobwera mpovuta kusankha pang'ono. Ndi usiku, ulendo wake ndi waufupiko chifukwa mphepo ikukukankhani kumbuyo, ndipo kumpoto tsopano kuli kumanzere, A. Ngati ndi miyezi ya usiku wautali, kuyambira September mpaka March, mwina mungaone northern lights, kuwala kwa mitundumitundu komwe kumaoneka kumwamba usiku chakumpoto kwa dziko, koma muzidzifunditsa bulangeti kumutu n'kumamatira pagalasi chifukwa magetsi a mkati amaphimba. Kumanja nako kuli kake, ndege zambiri zotera pa bwalo la Heathrow ku London zimabwera kuchokera kummawa kudutsa pamwamba pa mzinda, ndiye a K amaona mtsinje wa Thames, mlatho wa Tower Bridge, zonse pafupi m'mamawa. Mphepo ikatembenuka zimaterera mbali inayo, basi mwaluza.

Kadziwotche:
Zikomo nonse. Ndatenga K popita, kumbuyo kwa phiko. Pobwera ndikuganizabe, koma tulo tanga ndimatidziwa, za northern lights zo zindipeza ndikuliza mkonono. Mwina K yemweyo ndidzaone London.